Nkhuku ikamayetsemula si chitopa chokha: mmene njira zoyezera matenda a kapumidwe zimakonzedwera

Nyengo yotentha ikafika, mvula isanagwe, m'magulu a alimi a nkhuku mumamveka madandaulo ofanana. Wina akuti nkhuku zake anazidonthezera katemera wa chitopa m'maso mwezi watha, koma zayamba kuyetsemula ndi kutupa nkhope. Wina akuti zamazira zasiya kuikira bwino, ndipo usiku m'khola mukumveka mkonono. Malangizo sachedwa kubwera: katemerayo anali wakutha mphamvu, gulani ufa wachikasu uja musungunule m'madzi, sinjirani tsabola. Dzina la nthenda limene limatchulidwa ndi limodzi basi, chitopa kapena chideru.

Komatu matenda ogwira kapumidwe ka nkhuku ndi ambiri, ndipo angapo mwa iwo amayamba ndi mabakiteriya. Katemera wa chitopa, kaya akhale wabwino chotani, sangawaletse. Kunja amafanana kwambiri moti ngakhale dokotala wa ziweto wodziwa ntchito yake amangoganizira, satsimikiza mpaka atayeza. Kale kutentha thupi kulikonse tinkangoti malungo, kufikira kunabwera kachipangizo kobaya chala kamene kamaonetsa mizere m'mphindi zochepa. Ku matenda a nkhuku oyamba ndi mabakiteriya, kachipangizo kotere sikanayambe kupezeka wamba. Kuti timve chifukwa chake, tiyenera kuona mmene njira yoyezera imabadwira ndi zimene imadutsamo isanakhulupiriridwe.

Mapapo a nkhuku ndi tizilombo timene timawagwira

Nkhuku sipuma ngati munthu. Mapapo ake ndi aang'ono, omatirira kunthiti, ndipo safufuma. Chimene chimakankha mpweya ndi timatumba 9 topyapyala tofalikira m'chifuwa ndi m'mimba, tina tolumikizana mpaka ndi mafupa. Timatumbati tili ndi mitsempha ya magazi yochepa zedi. Kachilombo kakalowamo, asilikali a m'thupi safikamo mosavuta, nawonso mankhwala oyenda m'magazi amafikamo operewera. Amene anatumbulapo nkhuku yodwala chifuwa nthawi yaitali anaonapo timatumbati titachita mbuu, mwina muli zoyera zolimba ngati mafinya ouma, pamene twa nkhuku yathanzi timaonekera mkati.

Bakiteriya ndi kachilombo ka selo imodzi kamene kamadya ndi kuswana pakokha. Vairasi, monga ya chitopa, ndi yaing'ono kwambiri kuposa bakiteriya ndipo imaswana pokhapokha italowa m'maselo a nyama. Kusiyanaku kumakhudza thumba la mlimi, chifukwa maantibayotiki amapha mabakiteriya koma pa vairasi sachita kanthu.

Mmodzi mwa mabakiteriya ovutitsa kwambiri padziko lonse pa nkhaniyi ndi Mycoplasma gallisepticum, amene amayambitsa chifuwa chokhalitsa chomwe pa mapepala a mankhwala a ziweto chimalembedwa CRD. Ndi mmodzi mwa mabakiteriya aang'ono kwambiri, ndipo alibe khungwa lolimba limene mabakiteriya ena ali nalo. Mankhwala a gulu la penicillin, kuphatikizapo amoxicillin, amapha bakiteriya powononga khungwalo, ndiye pa Mycoplasma amangopita pachabe. Payekha sapha nkhuku zambiri. Amazifooketsa pang'onopang'ono: mazira amachepa, zanyama zimadya koma osanenepa. Choipitsitsa n'chakuti amadutsa kuchoka kwa make kulowa m'dzira, motero mwanapiye amatha kuswedwa ali nawo kale matendawo. Mbale wake, Mycoplasma synoviae, amagwira kapumidwe komanso amatupitsa mfundo za miyendo.

Wina ndi Avibacterium paragallinarum, mwini wa chimfine chotupitsa nkhope chotchedwa coryza. Ichi chimabwera mwaliwiro, pakati pa tsiku limodzi ndi masiku 3 nkhuku itatenga kachilombo. Pansi pa maso pamatupa, zikope zimamatirirana, m'mphuno mumatuluka mamina onunkha, ndipo mazira amatha kutsika ndi 10 mpaka 40 pa 100 alionse. Nkhuku yochira imasunga kachilomboko kwa nthawi yaitali n'kumapatsira zatsopano zimene mwagula.

Palinso Ornithobacterium rhinotracheale, amene dokotala wa ziweto Jan du Preez anamupeza mu nkhuku zanyama ku South Africa mu 1991, dzina lake n'kuperekedwa mu 1994. Pali Pasteurella multocida woyambitsa kolera wa nkhuku, nthenda yosiyana ndi kolera wa anthu, imene Louis Pasteur anaipangira katemera cha mu 1880. Ndiyeno pali E. coli, amene amakhala m'matumbo a nkhuku iliyonse popanda vuto, koma njira ya mpweya ikawonongedwa ndi kachilombo kena, fumbi kapena fungo loluma m'maso la zitosi zonyowa, amalowa m'timatumba tija n'kumalizitsa. Nthawi zambiri nkhuku yofa ndi chifuwa imapezeka ndi tizilombo tiwiri kapena titatu nthawi imodzi, tina mabakiteriya, tina mavairasi monga a chitopa ndi a chifuwa china chotchedwa infectious bronchitis. Ichi ndicho chimasokoneza maso a munthu, ndipo chimasokonezanso labotale.

Njira yakale: kumeretsa kachilombo

Njira yoyamba, imene ina iliyonse imayerekezedwa nayo, ndi kutenga kachilomboko kamoyo n'kukameretsa. Amatenga kamtengo ka thonje kunsonga, kupukuta malo odwala, n'kupaka m'kambale momwe muli chakudya cholimba chosakaniza ndi magazi. Kambaleko amakaika m'kabati yotentha madigiri 37. Patapita tsiku limodzi kapena awiri, bakiteriya mmodzi amakhala ataswana kukhala kadontho kooneka ndi maso.

Pasteurella ndi E. coli amamera mosavuta chonchi. Enawo ndi ovuta kwabasi. Bakiteriya wa coryza amafuna chakudya chapadera chotchedwa NAD chimene iye sangadzipangire. Akatswiri anapeza njira yanzeru: amajambula mzere wa bakiteriya wina, Staphylococcus, pakati pa kambale. Uyu amatulutsa NAD, ndipo timadontho ting'onoting'ono ta coryza timamera mozungulira mzerewo, tokulirapo pafupi, tochepa kutali. Kameredwe kameneka ndiko kanakhala chizindikiro chozindikirira nthendayi kwa zaka zambiri. Ornithobacterium amamera mochedwa, ndiye E. coli amamuphimba asanaoneke. M'chakudyamo amathiramo mankhwala a gentamicin kuti apondereze opikisana naye. Mycoplasma amafuna msuzi wapadera wokhala ndi madzi a m'magazi a nyama, ndipo woyeza amayenera kudikira mpaka masabata 3 kapena kupitirira asananene kuti mulibe. Mlimi wa nkhuku zanyama, amene amagulitsa pa masabata 6, yankho lotere limamupeza nkhuku zitatha.

Komabe njira imeneyi sinatayidwe, ndipo siyenera kutayidwa. Ndi yokhayo imene imapereka kachilombo kamoyo m'manja. Kachilombo kamoyo mungakayese ndi timapepala tonyikidwa m'maantibayotiki osiyanasiyana kuti muone amene akukapha ndi amene sakukapha. Mungakasunge mufiriji kwa zaka, kupangira katemera, ndi kuyeserapo njira zatsopano zoyezera.

Kufunsa magazi

Njira yachiwiri sifufuza kachilombo kenikeniko koma asilikali amene thupi lapanga polimbana nako, otchedwa maantibodi. Kuyeza kophweka kwa Mycoplasma kumachitika pa galasi: dontho la madzi a m'magazi a nkhuku limasakanizidwa ndi dontho la mabakiteriya akufa opakidwa utoto. Ngati maantibodi alimo, m'mphindi 2 timibulu timaoneka. N'kotchipa ndi kwachangu, koma kumanamiza kawirikawiri, makamaka pa nkhuku zimene zangobayidwa katemera wina wamafuta. ELISA, njira imene Eva Engvall ndi Peter Perlmann anailongosola ku Sweden mu 1971, imachita zofananazo m'mbale ya timaenje 96, ndipo makina amawerenga kuchuluka kwa mtundu umene watuluka m'kaenje kalikonse.

Vuto la magazi ndi nthawi. Maantibodi amaoneka patapita sabata kapena kupitirira nkhuku itadwala, ndiye masiku oyambirira, pamene mlimi akufunitsitsa yankho, magazi amaoneka abwinobwino. Nkhuku ikachira amakhalabe kwa miyezi. Katemera nayenso amawapanga, ndipo mwanapiye amatengera a make kudzera mu chachikasu cha m'kati mwa dzira. Choncho kupeza maantibodi kumangosonyeza kuti nkhuku inakumanapo ndi kachilombo kapena katemera wake, sikunena kuti ndiko kakuidwalitsa lero. N'chifukwa chake madokotala amatenga magazi kawiri, motalikirana masabata 2 kapena 3, kuti aone ngati akukwera. Njira imeneyi imathandiza kwambiri polondera khola la makolo oikira mazira oswetsa anapiye.

PCR: kufufuza DNA ya kachilombo

Mawu akuti PCR ambiri tinawamva nthawi ya Covid-19, koma njirayi inayamba ndi Kary Mullis mu 1983, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1993. Chamoyo chilichonse chili ndi DNA, malangizo a chibadwa chake olembedwa ndi zilembo zinayi zokha. PCR imasankha kachigawo kakafupi ka DNA ya kachilombo n'kukachulukitsa. Makina amatenthetsa ndi kuziziritsa timachubu mobwerezabwereza, ndipo ulendo uliwonse kachigawoko kamawirikiza kawiri. Pofika ulendo wa 30, kachigawo kamodzi kamakhala kataposa 1 biliyoni, kuchuluka kumene makina amatha kuona. Ngati kachilomboko munalibe, palibe chochulukitsa.

Pa matenda a nkhuku njirayi inasintha zinthu. Mycoplasma wa masabata 3 uja amadziwika tsiku lomwelo. Coryza, amene amafa msanga akatuluka m'thupi la nkhuku, amapezekabe chifukwa DNA imatsala ngakhale bakiteriya atafa. PCR ya coryza imene imagwiritsidwabe ntchito m'malabotale ambiri inalengezedwa mu 1996 ndi ofufuza a ku China ndi Australia. Masiku ano chubu chimodzi chimatha kufufuza tizilombo tingapo nthawi imodzi, kachilombo kalikonse ndi kuwala kwa mtundu wakewake.

Mphamvu yomweyi ndiyonso imafuna kusamala. PCR imapeza DNA ya mabakiteriya akufa, imapezanso a mu nkhuku yochira imene yangowasunga. Yankho lakuti alimo liyenera kuwerengedwa pamodzi ndi zimene dokotala waona m'khola ndi m'kati mwa nkhuku yotumbulidwa.

Mmene njira yatsopano imakonzedwera

Ntchito imayamba ndi funso, osati ndi makina: kuyezaku n'kwa chiyani? Kampani yoswetsa anapiye imafuna kutsimikiza kuti makolo ake alibiretu Mycoplasma, ndiye imafuna njira yosaphonya ngakhale nkhuku imodzi. Dokotala amene waima pa khola la nkhuku zotupa nkhope akufuna yankho lachangu lomuuza mankhwala oti apereke. Bungwe loona za umoyo wa ziweto padziko lonse la WOAH, lomwe likulu lake lili ku Paris ndipo linakhazikitsidwa mu 1924, limanenetsa m'malangizo ake kuti njira yoyezera imavomerezedwa pa ntchito inayake, osati pa ntchito zonse.

Kenako amasankha chandamale. Pakufunika kachigawo ka DNA kamene kali mwa onse a mtundu umene akufunawo, koma kalibe mwa achibale awo. Pa Mycoplasma gallisepticum ambiri amagwiritsa ntchito chigawo chotchedwa mgc2, pa Mycoplasma synoviae vlhA, pa Pasteurella kmt1. Pa kompyuta amayerekeza DNA ya mabakiteriya ambirimbiri, n'kulemba tizidutswa tiwiri ta zilembo pafupifupi 20, totchedwa mapulayima, timene timamata kuchiyambi ndi kumapeto kwa kachigawoko.

Apa m'pamene pamagona ntchito yaikulu, chifukwa m'mphuno ndi pakhosi pa nkhuku yathanzi muli kale mabakiteriya ambiri osadwalitsa. Muli mitundu ina ya Mycoplasma monga gallinarum, muli mitundu ina ya Avibacterium yosavulaza. Pali Mycoplasma imitans wa abakha ndi atsekwe, wofanana kwambiri ndi gallisepticum moti njira zina zimalephera kuwasiyanitsa. Njira yatsopano imayesedwa ndi aliyense wa achibalewa mmodzimmodzi, ndipo iyenera kukhala chete pa onsewo. Ikatero amasungunula mabakiteriya enieniwo, kuchepetsa kakhumi, kakhuminso, mpaka apeze kuchepa kumene njirayo imalekezera kuona.

Zonsezi zikadali za m'labotale, ndi mabakiteriya oyera omeretsedwa m'mbale. Mamina enieni a nkhuku, osakanikirana ndi fumbi, gaga ndi magazi, ali ndi zinthu zimene zimatha kutsekereza PCR. Ndiye njirayo imapita ku nkhuku zenizeni: gulu lodziwika kuti lili ndi matendawo ndi gulu lodziwika kuti lilibe. Pamenepa pamatuluka manambala awiri. Yoyamba, imene akatswiri amati sensitivity, ndi kuchuluka kwa zodwala zimene njirayo yazigwira pa 100 zilizonse. Yachiwiri, specificity, ndi kuchuluka kwa zathanzi zimene yazinena molondola kuti zilibe.

Manambalawa amanyenga munthu akawamva koyamba. Tiyerekeze kuti njira ina imalondola 95 pa 100 mbali zonse ziwiri, ndipo tayeza nkhuku 1,000 zimene 10 zokha ndizo zili ndi kachilombo. Pa 10 zodwalazo igwira 9 kapena zonse. Koma pa 990 zathanzi inamizira pafupifupi 50. Ndiye kuti pa mayankho pafupifupi 60 akuti kachilombo kalimo, 50 ndi olakwa. Njira yomweyo ikagwiritsidwa ntchito m'khola momwe theka la nkhuku likudwala, mayankho ake ambiri amakhala oona. Ichi ndicho chifukwa mlimi wamkulu sapha khola lonse la makolo chifukwa cha kuyeza kwa pa galasi kokha. Amatsimikiza kaye ndi njira ina.

Pomaliza zitsanzo zofanana zimatumizidwa ku malabotale osiyanasiyana, ogwira ntchito osadziwa chimene chili m'kati, kuti aone ngati onse apeza yankho limodzi. Njira imene imangoyenda m'manja mwa amene anaiyambitsa sinafike poti n'kugulitsidwa.

Tizilombo timasintha, njira nazo zimakalamba

Zimene zinachitika ku South Africa n'zofunika kwa ife tonse a chigawo chino. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ku KwaZulu-Natal kunayamba kupezeka mabakiteriya a coryza amene safuna NAD. Ankamera okha, popanda mzere wa Staphylococcus uja. Nkhuku zinkatupa nkhope monga mwa nthawi zonse, koma chizindikiro chimene labotale inkadalira chinali chitasowa, ndipo woyeza wotsatira buku akanatha kunena kuti ndi bakiteriya wina. PCR ndiyo inathandiza kutsimikiza mosakayika kuti mitundu iwiriyi ndi kachilombo kamodzi.

Coryza alinso ndi magulu. Mu 1962 anagawidwa patatu, A, B ndi C, ndipo kagawidwe kena kotsatira kanapeza timagulu 9 m'kati mwa atatuwo. Katemera wa mabakiteriya akufa amateteza makamaka ku gulu limene lili m'botolomo. Mlimi angabaye katemera wabwino, wosungidwa bwino, nkhuku n'kudwalabe chifukwa kachilombo ka m'dera lake ndi ka gulu lina. Choncho sikokwanira kuti njira yoyezera inene kuti ndi coryza. Pakufunikanso yonena gulu lake, ndipo ofufuza akhala akukonza PCR yochita zimenezi pogwiritsa ntchito chigawo cha DNA chotchedwa hmtp210.

Ku Mycoplasma vuto ndi lina. Pali makatemera a mabakiteriya amoyo ofooketsedwa, odziwika ndi mayina akuti F, ts-11 ndi 6/85. Amakhazikika m'njira ya mpweya ya nkhuku, ndipo PCR wamba imawapeza ngati matenda. Kusiyanitsa wa katemera ndi wa kutchire kumafuna kufufuza zilembo zochepa zimene amasiyana, ntchito imene ikupitirirabe m'malabotale ambiri.

Zonsezi zikutanthauza kuti njira yoyesedwa ndi mabakiteriya a ku Ulaya kapena ku America iyenera kuyesedwanso ndi a kuno. Ndipo kuti zimenezi zitheke pamafunika nkhokwe ya mabakiteriya otengedwa mu nkhuku zathu, zachikuda, za mikolongwe ndi zachizungu zomwe, omeretsedwa ndi njira yakale ija. Ine ndimaona kuti ntchito yosaoneka imeneyi, yotolera ndi kusunga, ndi yofunika mofanana ndi kugula makina.

Ulendo wochoka kukhola kupita ku labotale

Makina okwera mtengo chotani sangakonze chitsanzo chowonongeka. Malo abwino opukuta ndi thonje pa nkhuku yamoyo ndi mng'alu umene uli kumwamba m'kamwa mwake, wolumikizana ndi mphuno, kapena m'kholingo. Pa coryza, dokotala amatenga m'kati mwa chotupa cha pansi pa diso. Nkhuku zoyenera kusankha ndi zimene zangoyamba kudwala ndipo sizinamwe mankhwala. Imene yadwala masabata awiri imakhala itadzaza E. coli, woyambitsa weniweni atabisika. Imene yamwa maantibayotiki monga oxytetracycline kapena tylosin masiku atatu, kawirikawiri mabakiteriya ake samera m'mbale. Yofa dzulo kotentha kwa Okutobala yayamba kale kuwola, ndipo mabakiteriya a m'matumbo afalikira paliponse.

Chiwerengero nachonso n'chofunika. Masamu amasonyeza kuti m'khola lalikulu momwe nkhuku 10 pa 100 zili ndi kachilombo, pamafunika kuyeza pafupifupi 30 kuti mukhale ndi mwayi wa 95 pa 100 wopeza ngakhale imodzi. Zikakhala 5 pa 100, pamafunika pafupifupi 60. Pochepetsa ndalama, malabotale amaphatikiza timitengo tathonje tingapo m'chubu chimodzi cha PCR.

Kuno ku Malawi labotale yaikulu ya boma ya matenda a ziweto ili ku Lilongwe, komweko kumene kumapangidwa katemera wa chitopa wa I-2. Chitsanzo chochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje chili ndi ulendo wautali, ndipo bakiteriya wa coryza sapirira kutentha kwa maola ambiri. Chimayenera kuyenda m'bokosi lozizira. Pa PCR pali timakadi tapadera totchedwa FTA: thonje lija amalipaka pa kadi, mankhwala a m'kadimo amapha tizilombo n'kusunga DNA, ndipo kadi youma imayenda popanda firiji. Koma kuchokera pa kadi simungameretsenso kanthu, ndiye funso la mankhwala amene angagwire limakhala losayankhidwa.

Chenjezo limodzi lisaiwalike. Nkhuku zikamafa zambiri mwadzidzidzi, musazinyamule pa minibasi kupita nazo kutauni ndipo musazigulitse. Itanani alangizi a ziweto a m'dera lanu, chifukwa chitopa ndi chimfine cha mbalame ziyenera kuchotsedwa kaye pa mndandanda musanaganize za mabakiteriya, ndipo chimfine cha mbalame chimatha kugwira anthu.

Kuyeza pakhola pomwepo

Chifukwa cha ulendo umenewu, ofufuza ambiri akulimbana ndi kubweretsa kuyeza kufupi ndi nkhuku. Njira imene ikuyesedwa kwambiri ndi LAMP, yolengezedwa mu 2000 ndi Tsugunori Notomi ndi anzake ku Japan. Imachulukitsa DNA ngati PCR, koma pa kutentha kumodzi kosasintha, madigiri 60 mpaka 65, ndiye sifuna makina otenthetsa ndi kuziziritsa. Kachipangizo ka batire n'kokwanira, yankho limatuluka ola lisanathe, ndipo nthawi zina limaoneka ndi kusintha kwa mtundu wa madzi m'chubu. Njira za LAMP za Mycoplasma, Pasteurella ndi ena zinalembedwa kale m'mabuku a sayansi. Zovuta zake n'zakuti imachulukitsa DNA yambiri zedi moti chubu chimodzi chikatsegulidwa mosasamala chimaipitsa malo onse, zotsatira zonse n'kumaoneka ngati zili ndi matenda. Mankhwala ake ayenera kuumitsidwa kuti apirire kutentha. Ndipo mamina ayenerabe kukonzedwa kaye asanalowe m'chubu.

Nanga kapepala ka mizere iwiri, konga kaja koyezera malungo? Kameneka kamagwira ntchito ndi maantibodi omatidwa pa pepala amene amagwira puloteni ya pakhungu la kachilombo. Sikachulukitsa kanthu, ndiye kamafuna tizilombo tambiri m'chitsanzo kuti mzere uoneke. Mycoplasma amakhala wochepa mu nkhuku zongomusunga, ndiponso ali ndi chizolowezi chosinthasintha mapuloteni a kunja kwake pothawa asilikali a m'thupi, zimene zimavutitsa posankha puloteni yoti kapepala kagwire. Palinso nkhani ya msika. Kachipangizo ka malungo kanatchipa chifukwa kamapangidwa mamiliyoni ambiri ndipo maboma ndi mabungwe amagula. Ka nkhuku amagula ndi mlimi, ndipo kakaposa mtengo wa nkhuku imodzi kapena ziwiri, wa nkhuku 15 pakhomo sangakagule.

Pa nkhaniyi akatswiri samvana chimodzi. Ena amati ndalama zochepa zimene zilipo zipite kukalimbitsa malabotale a m'zigawo ndi kayendedwe ka zitsanzo, chifukwa kumeneko n'kumene kungapezeke yankho lathunthu, kuphatikizapo gulu la kachilombo ndi mankhwala amene akugwira. Ena amati yankho losakwanira lopezeka lero m'manja mwa mlangizi liposa lathunthu lofika nkhuku zitafa, ndipo kuyeza kumodzi kumayankhira khola lonse kapena mudzi wonse, osati nkhuku imodzi. Mbali zonse zili ndi mfundo zomveka, ndipo zimadalira kuti tikunena za famu ya nkhuku zikwi makumi kapena za pakhomo.

Yankho likabwera, chimasintha n'chiyani?

Chimasintha poyamba ndi mankhwala. Antibayotiki woperekedwa pa vairasi ndi ndalama yotayika, ndipo amaphunzitsa mabakiteriya a m'matumbo a nkhuku, monga E. coli, kupirira mankhwalawo. Mabakiteriya opirirawo amayenda ndi zitosi kupita kudimba, ndi nyama ndi mazira kupita kukhitchini. Ena mwa mankhwala a nkhuku ndi a magulu omwewo amene timalandira kuchipatala. Mankhwala aliwonse alinso ndi masiku olembedwa pa paketi oyenera kudikira musanadye kapena kugulitsa mazira ndi nyama, ndipo mlimi wa zamazira amene akupereka mankhwala mosadziwa chimene akuchiza amataya mazira a masiku amenewo popanda phindu, kapena amawagulitsa ali ndi mankhwala.

Chachiwiri ndi zochita za mtsogolo, zimene zimasiyana nthenda ndi nthenda. Zikapezeka ndi chitopa, muyang'ane kasungidwe ka katemera ndi kabwerezedwe kake. Zikapezeka ndi Mycoplasma anapiye akadali aang'ono, funso lipite kumene munawagula, ndipo dziwani kuti mankhwala achepetsa zizindikiro koma sachotsa kachilombo m'khola. Mazira a nkhuku zimenezo asaswetsedwe. Zikapezeka ndi coryza, zochirazo zisasakanizidwe ndi misoti yatsopano, ndipo katemera amene mudzagule akhale wa gulu lopezeka kwanuko. Zikapezeka ndi kolera wa nkhuku, mulimbane ndi makoswe ndi kukwirira msanga zakufa, chifukwa zinzake zikamajompha mtembo zimatenga matendawo. Zikapezeka ndi E. coli yekha, muyambe ndi utuchi wonyowa, kuthithikana ndi mazenera a khola, popeza kawirikawiri iye amalowa pamene mpweya woipa wawononga kale njira yopumira.